Mudzi Umene Unadzitsekera Wokha: Mbiri ya Eyam, 1665–1666

Ambiri a inu mukumbukira caka ca 2020. Pa 23 March caka cimeneco masukulu onse a m'dziko lathu anatsekedwa cifukwa ca mliri wa Covid-19, ndipo boma linaletsa kuti anthu oposa 100 asonkhane malo amodzi, kungakhale ku chalichi, ku ukwati kapena ku maliro. Ine, amene ndinazolowera kudzuka ndi belu ndi kuona ana atandanda pabwalo, ndinakhala pakhomo miyezi yambiri, bwalo la sukulu liri zii. Masiku amenewo akuru ena a mpingo, okalamba ndithu, anandiitana ataima patali kuseri kwa mpanda, nati, "Aphunzitsi, inu mumawerenga mabuku. Kodi zotere zinaonekapo kale? Nanga Akristu anzathu anacita ciani?" Tsiku lija ndinawayankha mwacidule, koma funso lao silinacoke mumtima mwanga, ndipo lero ndifuna kuliyankha bwino pakufotokoza mbiri ya mudzi wina waung'ono wa ku England, dzina lace Eyam.

Mudziwo ndi abusa ace awiri

Eyam, umene eni ace auchula "Iimu" pakulankhula, ndiwo mudzi wa m'mapiri m'dera la Derbyshire, mtunda wa mailosi ngati 150 kucokera ku London cakumpoto. Mzinda waukuru woyandikana nao ndiwo Sheffield. M'zaka zimene tinenazi anthu ace anali alimi, oweta nkhosa, ndi okumba mtobvu m'migodi. Nyumba zao zinali zamiyala, zomangidwa motsatana m'mbali mwa mseu, ndi chalichi pakati pace. Olemba akale anati anthu onse anali ngati 350. Koma ophunzira a masiku ano, atafufuza m'makaundula a ubatizo, maukwati ndi maliro, apeza kuti anali pafupifupi 700.

Mliri usanafike, mudziwo unali nayo kale nthenda yina, ndiyo kupatukana kwa Akristu. Dziko la England linali litangoturuka m'nkhondo ya paciweniweni, ya pakati pa mfumu ndi Nyumba ya Malamulo, ndipo nkhondoyo inang'amba ndi mpingo womwe. Kuyambira caka ca 1644 mbusa wa pa Eyam anali Thomas Stanley, wa gulu lochedwa Puritan, anthu ofuna mapemphero opanda miyambo yambiri. Mfumu Charles II itabwerera pa mpando wace mu 1660, linaturuka lamulo mu 1662 lakuti mbusa ali yense abvomereze zonse zolembedwa m'buku la mapemphero la Mpingo wa England, kapena asiye nchito. Abusa pafupifupi 2,000 anasankha kusiya, ndipo Stanley anali mmodzi wa iwo. Anataya malipiro ace ndi guwa lace lolalikirapo. Koma pofika mliri anali kukhala m'mudzi momwemo, ndipo anthu ambiri anamuyesabe mbusa wao weniweni.

M'caka ca 1664 anafika mbusa watsopano, William Mompesson, munthu wosafika zaka 30, pamodzi ndi mkazi wace Catherine ndi ana ao awiri, George ndi Elizabeth. Iye anali wa mbali ya mfumu ndi ya buku lija. Taganizani tsono: mlendo, ndiponso wacicepere, alikulalikira pa guwa pamene anacotsedwapo munthu wokondedwa, mwini wace alikupenya. Ife amene taona mpingo utagawanika cifukwa ca mbusa tidziwa m'mene anthu amapatsirana moni m'mudzi wotere.

Mtolo wa nsaru

Caka ca 1665 mliri woopsa unagwa mu London. Makaundula a mzindawo anawerenga akufa nao 68,596, ndipo ambiri ayesa kuti ciwerengero ceniceni cinayandikira 100,000. Mfumu ndi nduna zace anacoka nanka ku Salisbury, pambuyo pace ku Oxford. Olemera ambiri anathawa, ndi asing'anga ndi abusa ena omwe.

Nthenda imeneyi ndiyo imene tiicha mliri wa makoswe. Munthu ayamba ndi malungo akuru ndi mutu; pamenepo zituruka zotupa zonga mwanabere m'mphecepece, m'khwapa kapena m'khosi, ndi mawanga akuda pathupi, ndipo ambiri amafa sabata isanathe. Ikalowa m'mapapo iyenda ndi cifuwa kucokera kwa munthu kunka kwa mnzace. Lero tidziwa gwero lace: mu 1894 sing'anga Alexandre Yersin anapeza kacirombo kace ku Hong Kong, ndipo mu 1898 Paul-Louis Simond anaonetsa kuti utitiri ndiwo utenga kaciromboko kwa makoswe ndi kupatsira anthu. Lero aliponso mankhwala ociritsa wodwala akafulumira kunka ku cipatala. Koma anthu a 1665 sanadziwe zimenezi. Anayesa kuti nthenda iyenda ndi mpweya woipa, nafukiza zitsamba, nasuta fodya. Ndipo mu London anapha agaru ndi amphaka zikwi zambiri, osadziwa kuti alikupha adani a makoswe.

Mbiri ya m'mudzimo inena kuti cakumapeto kwa August caka comweco mtolo wa nsaru unafika ku Eyam kucokera ku London, wa telala wa pamudzipo, Alexander Hadfield. Wanchito wace, George Viccars, anaumasula, napeza nsaru ziri zonyowa, naziyanika pamoto. Ndipo kufunda kwa moto kunautsa utitiri umene unabisala m'menemo. Kaundula wa chalichi alemba maliro a Viccars pa 7 September 1665. Patapita masabata awiri anamwalira mwana wa m'nyumba yomweyo, Edward Cooper. Pambuyo pace anansi a m'nyumba zoyandikana. Pofika kumapeto kwa December anthu 42 anali atatsikira kuli cete.

M'miyezi yozizira, imene kumeneko iyamba ndi December, imfa zinacepa, ndipo m'mwezi wa May 1666 anafa owerengeka okha. Anthu anapuma, nati, Catha. Mabanja ena okhala nako kothawira, makamaka opeza bwino, anali atacoka kale. Koma pofunda nyengo m'mwezi wa June mliri unabweranso ndi mphamvu yoposa kale, ndipo otsalawo anayamba kumanga akatundu ao.

Pangano la mwezi wa June

Apa ndipo pagona nkhani yathu. Mompesson anaona kuti anthu mazana angapo akabalalika ndi zopfunda ndi zobvala zao, adzanka nayo imfa ku Bakewell, ku Sheffield, ndi ku midzi yonse kumene kuli abale ao. Anaonanso kuti mau ace okha sakhoza kuwaletsa, pakuti munthu woopa imfa samvera mlendo. Cifukwa cace anagwirizana ndi Thomas Stanley.

Kutero kunali kobvuta kwa onse awiri. Kwa Mompesson kunali kubvomera pamaso pa anthu kuti udindo wace wokha sukwanira, ndi kuti asowa thandizo la munthu amene boma linamcotsa. Kwa Stanley kunali kukweza munthu wokhala pa malo ace. Ndiponso kunali kudziika poyera, pakuti lamulo lina la 1665 linaletsa abusa ocotsedwa kuyandikira mipingo yao yakale mkati mwa mailosi 5 ngati sanalumbire lumbiro la boma. Palibe mmodzi wa iwo anasintha maganizo ace pa za buku la mapemphero. Anaika mlanduwo pambali, nanyamula mtolo umodzi, pakuti mutu umodzi susenza denga. Cakumapeto kwa June 1666 anauza anthu uphungu wao, ndipo anthu, pakuona abusa awiri otsutsana alikunena cimodzi, anabvomera zinthu zitatu.

Coyamba, kuti maliro a mpingo aleke, ndi kuti banja liri lonse liike akufa ace lokha, msanga, m'munda kapena pafupi ndi nyumba. Ife amene timati maliro n'kulirana, amene tisiya khasu m'munda ndi mphika pamoto tikamva mpfuu, tikhoza kuzindikira kulemera kwa mau amenewa. Kwa iwonso kuikidwa m'manda a chalichi, pambali pa makolo, cinali cinthu ca mtengo wapatali.

Caciwiri, kuti chalichi citsekedwe, koma mapemphero asaleke. Kunja kwa mudzi kuli cigwa cochedwa Cucklett Delf, ndipo m'menemo muli thanthwe lobooka ngati khomo. Mbusa anali kuima pathanthwepo, ndi mabanja anali kukhala pa udzu motalikirana, banja pa lokha, banja pa lokha, kotero kuti anamva Mau pamodzi osakhudzana. Iwo anacita ici poopa mpweya woipa. Koma ofufuza a caka ca 2016, powerenganso makaundula a Eyam, anapeza kuti nthendayo inayenda kwambiri kucokera kwa munthu kunka kwa munthu, makamaka m'nyumba imodzi. Cotero kukhala panja motalikirana kunali nzeru yoona, cinkana cifukwa cace sanacidziwe bwino.

Cacitatu, ndico cacikuru, kuti munthu asaturuke m'malire a mudzi, ndi wakunja asalowe, kufikira mliri utatha. Panalibe asilikari ozinga mudziwo, panalibe linga. Njira za m'mapiri zinali zotseguka usiku ndi usana. Cowasunga cinali mau ao okha.

Nanga cakudya? Mompesson analembera kalata mkuru wa dzikolo, Earl wa ku Devonshire, wokhala ku Chatsworth pafupi pomwepo, ndipo iye analonjeza kutumiza zakudya ndi mankhwala anthu akasunga pangano. A m'midzi yoyandikana anathandizanso. Anali kufika ndi mikate, nyama ndi zina, nazisiya pa malo opangana, nacoka. Pamenepo a ku Eyam anali kudza kudzatenga. Malo amodzi anali mwala waukuru pa njira ya ku Stoney Middleton, umene anaubooleza maenje ang'ono, nathiramo vinyo wosasa. M'menemo ogula anali kubviika ndalama zao kuti zisapatsire nthenda. Malo ena anali kasupe wa kumtunda kwa mudzi, kumene ndalama zinali kutsukidwa m'madzi. Kufikira lero achedwa Citsime ca Mompesson.

Mwezi wa August

Musayese kuti atapangana cotero Mulungu anacotsa mliri pomwepo. Iai, unakula. M'mwezi wa July anafa oposa 50, ndipo m'mwezi wa August oposa 70. Masiku ena anafa asanu kapena asanu ndi mmodzi tsiku limodzi, m'mudzi umene anthu onse anadziwana maina.

Pa munda wochedwa Riley, kunja pang'ono kwa mudzi, panali banja la Hancock. Kuyambira pa 3 kufikira pa 10 August, masiku 8 okha, mai Elizabeth Hancock anaika mwamuna wace ndi ana ace 6. Analibe womkumbira manda kapena womgwirira mtembo. Anena kuti anthu a ku Stoney Middleton anali kumpenya ali paphiri tsidya lija, alikukoka akufa ace mmodzi mmodzi, osakhoza kumyandikira. Miyala ya mandawo iripo kufikira lero, yozingidwa ndi mpanda wamiyala pakati pa busa. M'mwezi womwewo anamwalira telala uja Hadfield, ndipo m'nyumba m'mene mliri unayambira munatsala mkazi wace Mary yekha.

Kumene banja lonse linatha, maliro anali kuikidwa ndi munthu wina wa m'migodi, Marshall Howe, amene anadwala nthendayo nacira, nayesa kuti siidzamgwiranso. Mbiri inena kuti anali kudzilipira yekha ndi katundu wa akufawo. Ndichula ici kuti tisayese anthu a ku Eyam angelo. Anali anthu onga ife, ena aumbombo, ena amantha. Ndipo iyenso m'mwezi wa August anaika mkazi wace ndi mwana wace.

M'masiku onsewa abusa awiri aja anali kuyenda khomo ndi khomo. Anapemphera ndi odwala, nagawa mankhwala amene anali nao. Stanley anathandiza akufa kulemba mau ao otsiriza a za cuma cao, kuti ana amasiye asadzalandidwe. Iyi iri nchito yooneka yaing'ono, koma munthu wodziwa kuti za ana ace zalongosoka amatseka maso mosabvutika. Anthu ena a kunja anapempha Earl uja kuti apitikitse Stanley monga mwa lamulo; koma kwalembedwa kuti iye anakana, nati munthu wotere ayenera kuyamikidwa ndi dziko lonselo.

Catherine Mompesson

Pakuyamba mliri Catherine anadandaulira mwamuna wace kuti acoke onse. Iye anakana kusiya nkhosa zace, nauza mkaziyo kuti apite ndi ana. Potsiriza anatumiza ana kwa abale ku Yorkshire pangano lisanacitike, koma Catherine anatsala, cinkana anali wofooka m'cifuwa kale lomwe. Anali kuyenda ndi mwamuna wace kwa odwala, namsamalira pobwera madzulo. Cakumapeto kwa August nthenda inamgwira, ndipo anaikidwa pa 25 August 1666, ali ndi zaka 27. Manda ace ali m'bwalo la chalichi.

Makalata atatu amene Mompesson analemba m'miyezi imeneyo anasungika, ndipo mwa iwo tiona mtima wa munthuyo. Yoyamba analembera ana ace pa 31 August. Anawo anali ang'ono osadziwa kuwerenga; koma iye, poyesa kuti sadzawaonanso, anafuna kuti akadzakula adzadziwe mai wao anali wotani, m'mene anakondera iwo, ndi m'mene anatsirizira m'cikhulupiriro. Yaciwiri analembera Sir George Savile, amene anampatsa nchito ya pa Eyam, pa 1 September. M'menemo atsazika monga munthu woyembekeza kufa, napempha kuti asankhire mpingowo mbusa wodzicepetsa ndi woopa Mulungu m'malo mwace, ndi kuti akumbukire ana ace amasiye. Yacitatu analembera mbale wace John Beilby pa 20 November, mliri utatha. Afanizira mudzi wace ndi Golgota, nawerenga mabanja 76 amene imfa inalowamo, ndi akufa 259.

Wowerenga makalata amenewa sapeza munthu wouma maso. Apeza munthu wosweka mtima, wolira mkazi wace poyera, wosabisa kuti zimene anaona ndi kumva zinamuopsa. Koma apezanso munthu wosatukwana Mulungu, wosanong'oneza bondo kuti anatsala, amene maganizo ace ali pa ana, pa mpingo, ndi pa mbusa wodzalowa m'malo mwace.

Kutha kwa mliri

Pofika October imfa zinacepa, ndipo maliro otsiriza a mliriwo analembedwa m'kaundula pa 1 November 1666, itapita miyezi 14 ciyambire. Onse akufa anali ngati 260, ndiko kuti oposa munthu mmodzi mwa atatu ali onse. Pamenepo anayamba kutentha zobvala ndi zopfunda ndi kufukiza nyumba. Kwa anthu osauka, nyengo yozizira iri pafupi, kutentha copfunda kunali kowawa. Cifukwa cace Mompesson anayamba ndi zace, natentha zambiri kotero kuti anatsala nazo zocepa zobvala, kuti anthu aone ndi kutsata. Mliriwo sunafalikire ku Sheffield kapena ku Bakewell monga unacitira mu London.

Thomas Stanley anakhalabe pa Eyam, namwalira komweko mu 1670. Mompesson anasamukira ku mpingo wa Eakring m'dera la Nottinghamshire, kumene anena kuti poyamba anthu anamuopa kuti wadza ndi nthenda, nakana kumlandira m'mudzi, kotero kuti anayamba walalikira panja pansi pa mtengo. Anatumikira komweko zaka zambiri, namwalira mu 1709. Kufikira lero, tsiku la Sabata lotsiriza la mwezi wa August caka ndi caka, anthu asonkhana m'cigwa ca Cucklett Delf kucita mapemphero a cikumbutso, naika maluwa pa manda a Catherine.

Mphunzitsi ayenera kunena zoona zonse, ndi zosakoma zomwe. Zambiri za nkhaniyi zinayenda pakamwa zaka zoposa 170, kufikira William Wood, mbadwa ya mudziwo, anazilemba m'buku mu 1842. Cifukwa cace pa zina ndalemba kuti "anena," ndipo pa zina ndatsamira pa kaundula ndi makalata. Alipo ophunzira onena kuti kutsekera anthu pamodzi ndi odwala ndi makoswe kunacurukitsa imfa m'mudzimo, ndi kuti amene anatsala anali makamaka osauka, opanda kothawira. Aliponso ofunsa kuti, Nanga mbusa anaturutsiranji ana ace, ana a anzace natsala? Mafunso awa ali oyenera, ndipo sitiyenera kuwathawa. Mtengo wa panganolo unali waukuru, ndipo anaulipira koposa ndiwo amphawi. Koma ici cikuza ulemu wao: anthu wamba, okumba mtobvu ndi oweta nkhosa, anasunga mau ao miyezi inai, njira ziri zotseguka, cifukwa ca anthu a m'midzi yina amene ambiri a iwo sanawaonepo nkhope.

Cimene titengapo ife

Tsono ndibwerere ku funso la akuru aja a kuseri kwa mpanda. Akristu anzathu anacita ciani?

Anayamba ndi kuyanjana. Pangano la Eyam silikadatheka abusa awiri aja akadapitirira kupenyana m'mbali. Munthu wosunga cakukhosi sapeza mtendere m'nyumba yotseka, pakuti watsekeredwa pamodzi ndi mdani wace mumtima mwace. Ambiri a ife tinaona ici mu 2020: pamene nchito ndi maulendo zinaleka, milandu yakale inauka usiku. Wofuna mtendere m'masiku a mliri ayambe watumiza mau kwa mbale amene sanalankhulane naye.

Anapatsanso kudzipatula kwao tanthauzo. Kukhala wekha cifukwa cakuti wakanidwa ndi anthu ndiko ndende. Koma kukhala wekha kuti mnzako akhale ndi moyo ndiko utumiki, cinkana nyumba ndi yomweyo ndi khomo lotseka ndi lomwelo. Makolo athu anadziwa kupatula wodwala nthomba kunja kwa mudzi; cimene tiona ku Eyam ndi mudzi wathunthu wodzipatula wokha mwa kufuna kwace, pokumbukira Ambuye amene anapereka moyo wace cifukwa ca ena. Mkristu amene auzidwa ndi a cipatala kuti akhale m'nyumba asayese kuti cikhulupiriro cace cacepa akamvera. Alikukonda mnansi wace ndi miyendo yace pakusaiyendetsa.

Sanaleke kupemphera pamodzi. Anatseka nyumba ya mapemphero, napeza cigwa. Mpingo suli miyala ndi malata. Ndipo kuona nkhope ya mnzako patali, alikuyimba nyimbo imodzi ndi iwe, kucotsa bodza lija limene Woipayo anong'oneza kwa munthu wosungulumwa, lakuti watsala yekha. Ife tiri nazo njira zimene iwo analibe, wailesi ndi lamya ya m'manja. Tikalephera kufunsana moyo, cifukwa sicidzakhala kusowa njira.

Ndipo analimbikitsana ndi nchito zooneka. Wina anasiya mkate pa mwala. Wina analemba mau otsiriza a munthu wosadziwa kulemba. Wina anatentha malaya ace poyamba. Wina analembera ana kalata yodzawerenga atakula. Mau okoma ali bwino, koma wodwala wotsekeredwa m'nyumba akamva mtsuko wa madzi ndi mtolo wa nkhuni zirikutulidwa pakhomo pace, walandira ulaliki umene sadzauiwala. Onaninso kuti otonthoza a ku Eyam anali olira okhaokha. Mompesson sanadikire kuti cisoni cace cithe ndipo atonthoze ena. Anaika mkazi wace, nabwerera kwa odwala. Tikayembekeza kuti mitima yathu iyambe yakhazikika tisanathandize munthu, tidzayembekeza kufikira mliri utatha. Kawiri kawiri mtendere umpeza munthu panjira, alikunka kwa mnzace.

Pomwepo tizindikira mtendere wa Mkristu uli wotani. Anthu a ku Eyam sanalonjezedwe kuti akasunga pangano adzapulumuka, ndipo ambiri sanapulumuke. Mai Hancock anapemphera monga anzace, naika asanu ndi awiri. Wolalikira kuti wokhulupira sadwala awerenge kaundula wa Eyam. Mtendere umene anali nao unacokera pa kudziwa kuti moyo wao ndi imfa yao ziri m'manja mwa Iye amene anauka kwa akufa; ndipo munthu wodziwa ici, cinkana alikunjenjemera, manja ace amasuka kugwira nchito ya tsiku limenelo.

Miliri siinathe pa dziko lapansi. Makolo athu anaona nthomba ndi cimfine cacikuru ca 1918, ife taona Edzi, kolera ndi Covid-19, ndipo ana athu a sukulu adzaona yao. Caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe. Cifukwa cace ndipempha aphunzitsi anzanga ndi akuru a mipingo kuti afotokozere ana mbiri iyi nthawi ya bata isanathe, ndi kuti mpingo uli wonse udziwiretu okalamba, amasiye ndi okhala okha a m'dera lace, maina ao ndi makomo ao, kuti tsiku lobvuta likafika tisadzayambe kufunsa njira. Akuru aja amene anandifunsa akali moyo. Sabata likudzali ndidzanka kwao ndi tsamba ili, ndipo tsopano ndidzalowa m'nyumba ndi kukhala nao pamphasa.